Timasikelo ta makalata: werengani kaye musanakweche

Mu Lilongwe muno, chinthu chamkuwa chikangoda pang'ono basi, wogulitsa amalumbira kuti ndi cha nthawi ya Livingstone. Belu, nyale, loko, ngakhale chogwirira chitseko. Timasikelo toyezera makalata natonso timanamiziridwa zomwezo, ndipo ine amene ndimatisakasaka ndalimva dzina la mkuluyu kambirimbiri, moti katundu yenseyo akanakhaladi wake, amtengatenga ake akanathyoka misana asanaione n'komwe nyanja. Livingstone anamwalira mu 1873. Nthawi imeneyo kuno kunalibe positi ofesi ngakhale imodzi. Ntchito ya boma ya mtokoma inadzayamba mu 1891, chaka chimene Angelezi analengeza kuti dziko lino lili m'manja mwawo, ndipo masitampa oyamba anali a British South Africa Company, ongodindapo pamwamba zilembo za B.C.A., zoimira British Central Africa.

Ogulitsawo sindiwakwiyira, malonda ndi pakamwa. Chimene chimandikoka kwa kasikelo ka makalata n'chakuti iko kamatha kudzinenera kokha zaka zake, bola munthu adziwe poyang'ana. Belu sangatero, nyale singatero. Tsoka lake, ambiri amene kamawagwera m'manja amayamba ndi kukakwecha, ndipo pokwechapo amafufuta zomwe zikanawauza zoona.

Amene simunakaonepo, musaganize za sikelo ya kubutchala kapena ija yokoleka pamtengo imene mavenda amagulira soya. Aka ndi ka patebulo la mu ofesi, pambali pa botolo la inki. Kamtundu kofala kali ndi thabwa pansi ndi timbale tiwiri pamwamba, kena kafulati koikapo kalata, kena kozungulira koikapo miyala. Kutsogolo kwa thabwalo kumakhala timaenje tokhalamo miyala yamkuwa, uliwonse m'dzenje la msinkhu wake.

Chinachulukitsa zinthu izi ndi lamulo la ku Britain. Chisanafike chaka cha 1840, kalata kumeneko inkalipiridwa potengera kutalika kwa ulendo ndi kuchuluka kwa mapepala, ndipo kawirikawiri wolipira anali wolandira. Envulopu inkawerengedwa ngati pepala lachiwiri, choncho anthu ankangopinda kalatayo n'kuimata ndi phula. Mngelezi wina, Rowland Hill, ndiye anakakamira kuti zisinthe: mtengo ukhale umodzi dziko lonse, wotumiza alipiriretu, ndipo chowerengera chikhale kulemera. Zinatheka pa 10 January 1840. Kalata yosapitirira theka la aunsi inayamba kuyenda ndi kobiri limodzi, ndipo mu May chaka chomwecho kunatuluka sitampa yoyamba padziko lonse, Penny Black. Makalata anachoka pa 76 miliyoni mu 1839 kufika pafupifupi 169 miliyoni mu 1840. Tsono theka la aunsi ndi magalamu 14 ndi pang'ono chabe, mapepala atatu a A4 apitirira kale. Ukapyola malire, mtengo unkawirikiza, ndipo ukamata sitampa yoperewera, mnzako wolandira ankalipitsidwa kawiri ndalama yotsalayo. Ndani akufuna kuchititsa manyazi apongozi pakhomo pawo chifukwa cha kalata ya moni? Aliyense wolemba makalata ambiri anafuna kasikelo kakekake, ndipo amisiri a ku Birmingham ndi London sanagone tulo.

Kamene ndimakakonda kwambiri ndinakapeza kwa mdala wina wokonza mawotchi pakhonde la sitolo cha ku Bwalo la Njobvu. Kanali m'kabokosi ka zida zakutha, pamodzi ndi malamba oduka ndi magalasi osweka.

"Madala, aka kamagwira ntchito yanji pano?"

"Palibe, achimwene. Munthu anakasiya chikole cha wotchi, Kamuzu akadalipo. Sanabwerenso."

Thabwa lake linachita bii ndi thukuta la m'manja, kamwendo kamodzi kanasowa, ndipo mwa timaenje tisanu, titatu tokha ndi timene tinali ndi miyala. Mbale ya makalata inkaoneka yopanda kanthu. Koma nditaipendeketsa padzuwa panatuluka timizere ta zilembo zozokota: 1 oz pambali pake 1d, 2 oz pambali pake 1½d, 4 oz ndi 2d, kutsika choncho mpaka 12 oz pa 4d. Chilembo cha d chikuimira kobiri, oz ndi aunsi. Mitengo imeneyi inayamba mu 1871 ndipo inatha mu 1897, pamene pokondwerera zaka 60 za ufumu wa Mfumukazi Victoria analola kuti kobiri limodzi lizinyamula maaunsi anayi. Mmisiri sakanazokota mitengo yomwe inali isanabwere, ndipo sakanataya nthawi ndi yomwe yatha kale ntchito. Ndiye kasikelo aka kanapangidwa mkati mwa zaka 26 zimenezo, popanda kufunsa kwa wina aliyense.

Mukadziwa kawerengedwe aka, zotsalazo n'zosavuta. Mbale ikanena theka la aunsi pa 1d ngati mtengo wa m'dziko, muli pakati pa 1840 ndi 1871, ndipo mwatola chanzimbe. Ikanena 4 oz pa 1d, muli pakati pa 1897 ndi 1915. Mu 1918 nkhondo inali itadya chuma, kalata ya kobiri limodzi inatha, mtengo woyambira unakhala 1½d. Mukaona p wamng'ono pa mbale m'malo mwa d, chinthucho si chakale kuposa 1971, chaka chimene Britain inasintha ndalama zake, chomwenso ife tinasiya mapaundi ndi masheleni n'kuyamba kwacha ndi tambala.

Koma apa mpofunika kudekha. Mitengo yozokotayo ndi ya ku Britain, si ya Nyasaland. Ikukuuzani nthawi imene kasikelo kanapangidwa, sikukuuzani tsiku limene kanaponda dothi la kuno. Ka 1880 kakhoza kukhala kanafika mu 1955 m'sutikesi ya mphunzitsi wa pamishoni, kali kale kankhalamba. Kakhozanso kukhala kanafika dzana m'katoni ya katundu wakale wochokera kunja, pamodzi ndi makapu ndi zidole. Munthu akakuuzani kuti kanali ka bwana DC wakutiwakuti, mufunseni anamva kwa yani.

Kapangidwe ka timbale tiwiri tokhala pamwambati nako kali ndi mwini wake. Ndi Gilles de Roberval, katswiri wa masamu wa ku France, amene anaonetsa nzeru imeneyi mu 1669. Pansi pa mtanda waukulu pali kamtanda kena kobisika, ndipo iwiriyo imayendera limodzi, moti mbale sizipendekeka ndipo kalata imalemera chimodzimodzi kaya mwaiika pakati kaya m'mphepete. Pogula ndimayesa chimenechi. Ndimaika ndalama yachitsulo pakati pa mbale, n'kuisunthira kungodya. Mtanda ukasintha, ndiye kuti timapini tadyeka kapena kamtanda kapansi kanapindika, ndipo mtengo uyenera kutsika.

Mukachoka pa mbale, tembenuzani kasikeloko muone kumimba ndi m'mbali mwa mtanda. Dzina lofunidwa kwambiri ndi S. Mordan & Co., London. Sampson Mordan anatchuka ndi mapensulo achitsulo otulutsa mtovu pang'onopang'ono, amene analembetsa mu 1822, koma kampani yake inapanganso timasikelo tosalala bwino. Fakitale yawo inaphulitsidwa ndi mabomba mu 1941, ndiye dzina limeneli likakhala lenileni, chinthucho sichingakhale chaposachedwa kuposa pamenepo. Chizindikiro china ndi kadayamondi kokhala ndi zilembo ndi manambala m'ngodya zake. Kameneka kankadindidwa pa zinthu zolembetsedwa ku Britain kuyambira 1842 mpaka 1883, ndipo kuyambira 1884 anayamba kungolemba Rd ndi nambala. Ine sindidalira chizindikiro chimodzi. Nambala ya Rd imangonena chaka chimene kapangidweko kanalembetsedwa, pomwe fakitale inkatha kupitiriza kapangidwe komweko zaka makumi angapo. Mitengo, dzina, nambala ndi kaonekedwe ka thabwa zikavomerezana, pamenepo mtima umakhala pansi.

Funso limene limandivuta si la zaka ayi, ndi lakuti kuno ankatigwiritsa ntchito ndani. Agogo athu kumudzi analibe kasikelo ka makalata, ndipo sankakafuna. Kalata yopita kwa mwana amene anatengedwa ndi Wenela kupita ku Joni, kapena ndi Mthandizi kupita ku Rhodesia, inkalembedwa ndi aphunzitsi kapena mwana wasukulu, n'kukaperekedwa pakauntala, kalaliki n'kunena mtengo. Kenaka kunabwera timakalata tabuluu ta pandege tija, todzipinda tokha, tokhala ndi sitampa yosindikiziratu. Timeneti sitinkafuna sikelo chifukwa lamulo lake linali lakuti musaikemo kanthu mkati. Timasikelo tinali ta pa boma, pamishoni ngati ku Nkhoma kapena ku Likuni, m'maofesi a maesiteti a fodya, ndi m'masitolo akuluakulu olemberana ndi makampani akunja. Tsono ena amati n'kusungiranji zinthu za atsamunda? Ine ndimayang'ana pamene mkuwa unadyeka. Pamutu pa mwala wa aunsi imodzi pamakhala poterera, podyeka ndi zala, ndipo zala zimenezo kawirikawiri sizinali za bwana. Bwana ankasayina n'kunyamuka. Woyeza, womata sitampa, wolemba m'kaundula ndi wothamangira kupositi anali kalaliki ndi mesenjala, anthu akuno. Ndipo kulemera kumene ankayezako kunali ndi wokusenza. Makalata akunja ankalowera pa doko la Chinde ku Mozambique, kukwera Zambezi ndi Shire pa sitima zapamadzi, kenaka n'kugwera pamutu ndi pamapewa pa amtengatenga oyenda wapansi. Mukamadutsa msewu wa Blantyre kupita ku Zomba, pa Namaka pali kanyumba kamene amtengatengawa ankapumulirapo, kamene kanasandutsidwa kosungiramo mbiri yawo. Ndi kakang'ono, koma woima pamenepo amamvetsa chifukwa chake theka la aunsi linali nkhani.

Tsopano msampha wa magalamu. Popeza ife tinasiya maaunsi titalandira kale ufulu, anthu ambiri akaona kasikelo kolemba magalamu amati n'katsopano, n'kukasiya. Ayi. Maiko ambiri a ku Ulaya ankayeza m'magalamu kalekale. Pamene maiko anagwirizana ku Bern mu 1874 kukhazikitsa bungwe limene lero timalitcha Universal Postal Union, muyezo wa kalata yopita kunja unali magalamu 15, ndipo unadzakwera kufika 20 mu 1907. Choncho kasikelo kokhala ndi kachizindikiro kapadera pa 15 kakhoza kuposa agogo anu zaka.

Tamagalamu tambiri timene timapezeka ndi ta ku Germany, ndipo sitifuna miyala. Tili ndi chitsulo cholemera cholendewera pamkono, moti ukaika kalata mkonowo umakwera n'kuloza nambala pa kachitsulo kokhota kolembapo miyezo. Tina tili ndi mizere iwiri ya manambala, ndipo ukapinda cholemeracho m'mwamba kapena m'munsi umasintha mzere wowerenga. Kumwendo umodzi kumakhala sikuluwu yopotokola kuti muvi ubwerere pa ziro. Munthu wina pamsika wa Tsoka anandiuza kuti kasikelo kotere n'kakufa chifukwa muvi wake unali pa 10 popanda kanthu. Sikanafe ayi, kanali pa tebulo lopendekeka. Pa timeneti yang'anani dzina la kampani ya Maul, ndi zilembo D.R.G.M. zosonyeza kuti kapangidweko kanalembetsedwa ku Germany, zimene zinayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1891 n'kupitirira mpaka nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha. Mawu akuti Made in Germany nawo ali ndi poyambira: lamulo la ku Britain la 1887 ndilo linakakamiza kuti katundu wakunja azinena kwawo. Cholinga chinali kuti ogula azimupewa, koma zinatembenuka, anthu anayamba kumufuna dala.

Mtundu wachitatu ndi wa sipuling'i, ndipo mfumu yake ndi kampani ya Salter ya ku West Bromwich. Chizindikiro chawo ndi mfundo ya chingwe yolasidwa ndi muvi, chimene analembetsa mu 1884. Okonda mpira wa ku England mudziwe kuti timu ya West Bromwich Albion inayambitsidwa mu 1878 ndi anyamata ogwira ntchito pa fakitale yomweyi. Timasikelo ta Salter ndi timene timapezeka kwambiri m'maofesi akale kuno, tambiri ta m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, topentedwa, topanda chokongola chilichonse. Sipuling'i imatopa ndi ukalamba, ndiye musadabwe tikamanama ndi magalamu angapo. Ine sinditinyoza. Pa tonse, timeneti ndi timene tinayezadi makalata ambiri a Amalawi.

Zabodza ziliponso, ndipo zikuchuluka. Pali timasikelo tamkuwa topangidwa masiku ano kuti tizikongoletsa mashelefu, tothiridwa mankhwala kuti tide. Mukhale ndi maginito m'thumba: mkuwa weniweni sugwira maginito, chitsulo chongokutidwa chimagwira. Onani masikuluwu. Okhala ndi mtanda pamutu, amene timawatcha a sitala, anayamba kufala m'ma 1930, ndiye sangakhale pa chinthu cha nthawi ya Victoria pokhapokha wina anakonzapo. Kuda kwenikweni sikukhala kofanana paliponse, kumachuluka m'makona ndi kunsi, n'kuchepa pamene manja ankagwira. Kakuda mofanana monsemo kanadetsedwa tsiku limodzi. Komanso si kasikelo kakang'ono kalikonse kamene kali ka makalata. Kokhala ndi timbale tozungulira tolendewera pa zingwe, kogona m'kabokosi, ndi ka mankhwala kapena ka golide. Mukaona miyala yolemba tola, umenewo ndi muyezo wa ku India, magalamu 11.66, ndipo m'masitolo akale a Amwenye unkagwira ntchito kwambiri poyeza golide. Miyala yolemba chilembo P pambali pa nambala ndiye ya makalata enieni, ya zaka zoyambirira, pamene ankawerenga kuti kalatayi ilipira mitengo ingati.

Za mtengo wogulira sindinena zambiri. Akatswiri a zimenezi ali ndi bungwe lawo, International Society of Antique Scale Collectors, limene linayamba mu 1976, ndipo pa intaneti mukhoza kuona zithunzi zofananitsa ndi chimene muli nacho. Koma mtengo wa ku London si wa ku Mchesi. Amene akuganiza zolemera ndi malonda awa, bola akagule mbuzi.

Mdani wamkulu wa timasikeloti si dzimbiri. Ndi anyamata oyenda ndi njinga m'makwalala a Kawale, Chilinde ndi Area 25 akukuwa kuti akugula zitsulo zakutha. Mkuwa pa kilo umaposa chitsulo wamba kutalitali. Mkulu wa pakhomo akatisiya, ana akamasesa m'chipinda, kasikelo ka bambo awo amene anali kalaliki kamagulitsidwa pamodzi ndi mipope yakutha, thabwa lake n'kulowa pamoto. Sindingawaweruze, ndiwo zikufunika lero. Ndinangopangana ndi anyamata ena oterewa kuti akaona chokhala ndi timbale ndi manambala azindiimbira chisanafike kosungunula, ndipo ndimawapatsa koposa mtengo wa pa kilo. Zambiri zimene amandiitanira zimakhala zina, mawotchi akutha, mamita a madzi, tsiku lina chopimira mpweya wa matayala. Koma miyala iwiri yabwino kwambiri imene ndili nayo inadzera njira imeneyi.

Mdani wachiwiri ndi ukhondo wathu. Tinaleredwa kuti chitsulo chabwino ndi chowala, ndiye munthu akapeza kasikelo amatenga sitiliwulu, phulusa ndi mchenga, n'kukakwecha ngati poto wa nsima. Zilembo za pa mbale zija n'zosazama. Kukwecha kwa Loweruka limodzi kukhoza kufafaniza 1871 yense. Mkuwa wambiri wakale unkapakidwanso vanishi woonda wamtundu wagolide, ndipo akachoka sabwereranso. Ine ndimagwiritsa ntchito mswachi wofewa wouma, kenaka kansalu konyowa pang'ono ndi sopo wochepa, n'kupukuta msanga. Pathabwa ndimapaka phula pang'ono. Mafuta m'timapini sindithira, chifukwa ndi fumbi la Lilongwe la mu September ndi October, mafutawo amasanduka phala lodya chitsulo. M'nyengo ya dzinja ndimayang'anira dzimbiri lobiriwira limene limamera m'timaenje ta miyala, komanso kaufa kamene kamagwa pansi pa thabwa tizilombo tikayamba kuboola.

Zotsala ndi miyala yosowa, ndipo pafupifupi kasikelo kalikonse kamene mungapeze kuno kadzakhala koperewera. Woyamba kusowa ndi waung'ono, wa theka la aunsi, umene ana ankasewera nawo mpaka kugwera m'ming'alu ya simenti. Ogulitsa ochenjera amadzaza timaenje ndi miyala ya masikelo ena. Mudzaizindikira chifukwa imagwedera m'dzenje kapena kukana kulowa, mtundu wa mkuwa umasiyana, ndipo manambala ake sazokotedwa ndi dzanja limodzi. Poyesa ngati mwala ndi woona, kasikelo ka batire ka kukhitchini kakwanira: aunsi imodzi ndi magalamu 28.35. Akale anali ndi njira yawo. Kobiri lamkuwa la ku Britain, limene linapangidwa kuyambira 1860, linkalemera magalamu 9.45, kotero makobiri atatu osadyeka ankakwana aunsi ndendende.

Ka mdala wa mawotchi kaja ndinaganiza zokakwaniritsa. Ndinapita kwa mmisiri wina wa makina osemera zitsulo cha ku Biwi, nditatenga mwala umodzi wachitsanzo, kachidutswa ka mkuwa ndi kapepala ka miyezo. Anasema, tinayeza, anapalanso, mpaka miyala iwiri inakhala m'maenje mwake bwinobwino. Kenaka ndinamupempha kuti kunsi kwa uliwonse adindeko chaka chino.

Anandiyang'ana kaye. "Bwana, chinthu chakale mukuchilemba chaka chatsopano? Mukudzigwetsera mtengo nokha. Ine ndikhoza kuidetsa bwinobwino, palibe angadziwe."

"Dindani basi, akulu."

Anapukusa mutu, n'kutulutsa kabokosi ka zodindira manambala. Kusema tinali titagwirizana kale mtengo, koma kudinda anati ndi ntchito ina, ndipo anawerengera nambala iliyonse payokha.